Akuti "Palibe": Kusaka Chikalata cha Chisudzulo m'Kakhoti ka Kumidzi ku America

Foni ya mayi wa kwathu wokwatiwa ku America imayamba chimodzimodzi nthawi zonse. Moni, za ana, za mvula kumudzi, kenako mawu amatsika pang'ono: "Achimwene, a immigration atilembera kalata. Akufuna pepala la banja loyamba la bambo a kunyumba kuno." Bamboyo ndi mbadwa ya ku America. Anakwatirapo ali mnyamata, banja linatha zaka 20 kapena 30 zapitazo kwinakwake kumidzi, ndipo pepala lake linasowa pa msamuko wachitatu kapena wachinayi. Mukamufunsa amangoti zinatha kalekale. Koma boma silidalira zimene munthu akukumbukira.

Pa fomu ya I-130, yoitanira mkazi kapena mwamuna, ndi ya I-129F, yoitanira chibwenzi chodzamanga nacho banja, lamulo limafuna umboni wakuti maukwati onse am'mbuyo, a anthu onse awiri, anatha mwalamulo. Mukapanda kuupereka, a USCIS, ofesi ya immigration ya ku America, amatumiza kalata yofunsa umboni wina, imene aliyense amangoitcha RFE. Nthawi yoyankhira siposa masabata 12, ndipo saiwonjezera ngakhale mutalira bwanji. Pepala lomweli limafunikanso kwa mayi amene anakhala m'banja zaka 10 kapena kuposerapo ndipo akufuna ndalama za Social Security, penshoni ya boma, kudzera m'dzina la mwamuna wake wakale, komanso pa nkhani za chuma cha masiye ndi kusintha dzina.

Kwathu tinazolowera kuti zinthu za boma zimakathera ku likulu. Ku America kulibe ofesi imodzi ya dziko lonse yosunga zisudzulo. Ukwati ndi chisudzulo ndi nkhani za state iliyonse payokha (state ndi chigawo cha dzikolo chokhala ndi malamulo akeake), ndipo m'kati mwa state, mlandu umazengedwa ndi kusungidwa ku county, kaboma kakang'ono kokhala ndi khoti lakelake. Ma county alipo oposa 3,100. Malawi ali ndi maboma 28, pamene Texas yokha ili ndi ma county 254, Georgia 159. Ena ndi aang'ono mochititsa kaso: kalembera wa 2020 anapeza anthu 64 okha mu Loving County ku Texas, ochepa kuposa a pamaliro amodzi kwathu. Ndiye pepala mukulifunalo lili m'kabati imodzi, m'nyumba imodzi, m'katauni kamodzi, ndipo ntchito yonse ndi kupeza kabatiyo ndi munthu amene ali ndi kiyi wake.

Zinthu ziwiri muzisiyiretu. PACER, njira ya pa intaneti yosakira milandu, ndi ya makhoti a boma lalikulu, zisudzulo mulibe. Ndipo masamba a pa intaneti amene amalonjeza kuti mukalipira ndi khadi akupezerani chisudzulo cha aliyense m'mphindi zisanu, sangakupatseni pepala lokhala ndi chidindo cha khoti. Ndaona anthu atatu osiyana akutayako ndalama.

Simukudziwa county yake

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndipo amagwa mofanana: amathamangira kumene ukwati unamangidwa. Chisudzulo sichitsata kumene munakwatirana. Chimatsata kumene mmodzi wa awiriwo ankakhala pa nthawi yokasuma. Ku Texas, mwachitsanzo, mmodzi wa iwo amayenera kukhala atakhala mu state miyezi 6 ndi mu county masiku 90 mlandu usanalowe. Choncho funso loyamba kwa mwini nkhani si lakuti "munakwatirana kuti", koma "anakasuma ndani, ndipo nthawi imeneyo ankagona kuti". Ngati mkazi anachoka n'kubwerera kwa makolo ake, kasakeni kwa makolo akewo. Ngati mwamuna anali msilikali, kumbukirani kumene kunali kampu yake.

Chenjeraninso ndi mayina. Dzina la tauni si dzina la county. Mzinda wa Houston uli mu Harris County, pamene Houston County ndi dera lina la kumidzi lomwe likulu lake ndi Crockett. Mzinda wa Austin uli mu Travis County, koma Austin County likulu lake ndi Bellville. Washington County ilipo m'ma state pafupifupi 30. Munthu akakuuzani kuti "zinachitikira ku Austin", mufunseni kawiri.

Mwini nkhani akakhala kuti sakukumbukiradi, pitani ku ofesi ya state yosunga kaundula wa obadwa, omwalira ndi maukwati. Ambiri mwa maofesi amenewa sasunga chigamulo chenichenicho, koma ali ndi mndandanda wosonyeza county ndi tsiku. Wa ku Texas umayambira 1968, ndipo amapereka kalata yongotsimikiza kuti chisudzulo chinalembedwa. Wa ku New York umayambira 1963. Wa ku California ndi wa zaka zochepa, 1962 mpaka June 1984 basi, ndipo kupitirira apo muyenera kudziwa county nokha. Bungwe la boma la zaumoyo la CDC lili ndi tsamba la pa intaneti lotchedwa Where to Write for Vital Records lomwe limasonyeza state iliyonse zaka zimene ili nazo ndi kolembera. Kalata ya ku state muitenge ngati chikwangwani cha pamphambano. Ikulozerani njira, koma si imene mukaipereke.

Kukakanika uko, fufuzani m'nyumba. Makalata akale a ndalama zothandizira ana amakhala ndi nambala ya mlandu pamwamba, ndipo nthawi zambiri nambalayo ndi ya chisudzulo chomwecho. Mapepala ogulitsira nyumba kapena kugawana penshoni amatchula khoti. Ngati winayo anasowa osadziwika kumene ali, chisamani chinkalengezedwa m'nyuzipepala ya m'deralo, ndipo laibulale ya m'tauniyo imasunga nyuzipepala zakale. Palinso njira imene amuna ambiri amaizemba ngati mliri, chonsecho ndi yachidule kuposa zonse: kuimbira mkazi wakaleyo. Pa zimene ndaona ine, akazi ndi amene amasunga mapepala.

Ngati banjalo linatha kale kwambiri, cha m'ma 1950 kapena 1960, ndipo kwawo sikukupezeka kalikonse, yesani Nevada. Kuyambira 1931 state imeneyo inkangofuna kuti munthu akhaleko masabata 6, ndipo anthu ankachoka kutali kukasudzulana ku Reno.

Mwaimba ofesi yolakwika

County mwaipeza, mwaimba, akuti "kuno sitisunga zimenezo", foni n'kudula. Musataye mtima, mwangogogoda chitseko choyandikana nacho. M'nyumba ya khoti imodzi mumakhala makalaliki angapo, aliyense ndi mabuku ake, ndipo dzina la wosunga zisudzulo limasintha mukangowoloka malire a state. Ku Texas ndi District Clerk, pamene County Clerk amasunga ziphaso za ukwati. Ku Georgia ndi kalaliki wa Superior Court. Ku Mississippi ndi Chancery Clerk. Ku Virginia ndi Arkansas ndi kalaliki wa Circuit Court. Ku Tennessee mlandu ukhoza kukhala ku Circuit Court kapena ku Chancery Court, ndiye funsani konse kuwiri. Ku Pennsylvania ali ndi dzina lothyola lilime, Prothonotary. Ku New York zisudzulo zimazengedwa ku Supreme Court, lomwe kumeneko si khoti lalikulu koposa monga dzina likumvekera, ndipo fayilo imakhala kwa County Clerk. Ku Louisiana musanene n'komwe county, kumeneko amati parish.

Ubwino wa kumidzi ndi wakuti nthawi zina zitseko ziwirizo ndi munthu mmodzi. Malamulo a Texas amalola county ya anthu ochepera 8,000 kusankha kalaliki mmodzi wogwira maudindo onse awiri, a District Clerk ndi County Clerk. Koma kuli msampha wina: ma county ena ali ndi makhoti awiri m'matauni awiri. Carroll County ya ku Mississippi ili ndi khoti ku Carrollton ndi lina ku Vaiden. Carroll County ya ku Arkansas ili ndi Berryville ndi Eureka Springs. Akakuuzani kuti palibe, funsani ngati county ili ndi chigawo chachiwiri.

Ofesi ndi yomweyo, koma akuti pa kompyuta palibe

Mawu akuti "palibe" m'kakhoti ka kumidzi nthawi zambiri amatanthauza kuti pa kompyuta sipakuoneka. Milandu anayamba kuilowetsa m'kompyuta chaka china chake, ndipo ya m'mbuyo mwa chaka chimenecho ili m'mabuku akuluakulu a zikuto zolimba, m'makatoni, kapena pa microfilm, kafilimu kosungira zithunzi za mapepala akale.

Ndinaziona ndi mlamu wanga, mwamuna wa mchemwali wanga. County yake sindiitchula, ndi ya m'zigwa za tirigu kumene munthu umayenda ola lathunthu osakumana ndi galimoto. Tsiku loyamba foni inangolira osayankhidwa, kenako tinazindikira kuti amatseka 12 koloko kupita kukadya. Tsiku lachiwiri anayankha mayi wina wachikulire. Analemba dzina la alamu pa kompyuta, tikumva kugogoda kwa zala, n'kuti palibe. Alamu anayamba kukweza mawu, ati ine ndinaima m'khoti lanulo ndi miyendo yanga iwiri mu 1989. Ndinawagwira mkono: "Alamu, taimani kaye, ndilankhule nawo ndine." Ndinafunsa mayiwo funso limodzi, lakuti kompyuta yawo imayambira chaka chiti. Anatchula chaka cha pakati pa ma 1990. Ndinafunsanso ngati mabuku a m'mbuyomo akadalipo. Anati ali m'chipinda chapansi, koma ali okha mu ofesi chifukwa mnzawo ali m'khoti ndi woweruza, ndiye atsikirako Lachinayi. Lachinayi masana anaimba okha. Mlandu unalipo, wa 1991 osati 1989, wolembedwa m'dzina la mkazi chifukwa ndiye anasuma, ndipo dzina la bambo la alamu linali ndi chilembo chimodzi cholakwika. Alamu mpaka lero amati khotilo ndi limene linasokoneza chaka.

Pa nkhani imeneyi tengani izi. Perekani mayina onse a anthu onse awiri, kuphatikizapo dzina la mkazi la kwawo asanakwatiwe ndi kalembedwe kena kalikonse kamene munthu angalakwitsire. Mayina athu a Chimalawi amavutika kwambiri pamenepa: Ng'oma amasanduka Ngoma, Mwale amasanduka Mwali, ndipo nthawi zina dzina loyamba ndi la bambo zimasinthana malo. Musapereke chaka chimodzi, perekani zaka zisanu, ziwiri kumbuyo ndi ziwiri kutsogolo. Pemphani kuti ayang'ane mndandanda wa osuma ndi wa osumiridwa womwe. M'ma state ena, monga California, Florida ndi Missouri, mlanduwo sautcha divorce koma dissolution of marriage. Ndipo akangoupeza, chinthu choyamba kulemba ndi nambala ya mlandu, imene ku Texas amati cause number. Mukakhala nayo, zonse zotsatira zimayenda ngati madzi.

Kalaliki wa kumidzi si makina. Ndi mayi kapena bambo amene m'ma state ambiri anachita kuvoteredwa, amadziwa theka la anthu a mu county ndi mayina, ndipo ali ndi wothandiza mmodzi kapena awiri. Palibe lamulo lomukakamiza kutsikira m'chipinda chafumbi lero lomwe chifukwa cha mlendo wa pafoni. Ulemu umene tinaphunzira polankhula ndi amfumu umagwira ntchito kumeneko kuposa kuopseza. Imbani m'mawa, pewani Lolemba ndi masiku a khoti, funsani dzina la amene mukulankhula naye, ndipo ulendo wotsatira mufunse yemweyo. Imelo tumizani, koma itsatireni ndi foni. Mukamaimba muli ku Malawi kapena ku Zambia, 9 koloko m'mawa ya ku Texas ndi 4 koloko madzulo kwathu kuyambira March mpaka kumayambiriro kwa November, ndi 5 koloko miyezi yotsalayo.

Pepala lafika, koma alikana

Izi zimapweteka kuposa kusapeza, chifukwa masabata apita. Chofunika kupempha ndi certified copy, kope lotsimikizidwa ndi chidindo cha khoti, ya chigamulo chomaliza. Nenani mawu amenewo monga alili, ndipo tchulani kuti mukufuna masamba onse. Ku Texas chimatchedwa Final Decree of Divorce, ku New York ndi Michigan ndi Judgment of Divorce. Likafika, liyang'aneni musanasangalale. Payenera kukhala siginecha ya woweruza ndi tsiku, chidindo chosonyeza tsiku limene linalowa m'kaundula wa khoti, ndiponso mawu a kalaliki otsimikiza kuti ndi kope loona, ndi chidindo chake, kaya cha inki kaya chofinya pepala mpaka kutukuka.

Zimene anthu amalandira molakwika ndi izi: fotokope wamba yopanda chidindo, pepala loyambitsira mlandu lomwe limangosonyeza kuti wina anasuma, mgwirizano wogawana katundu umene woweruza sanasaine, kapena chigamulo chongolekanitsa anthu osathetsa ukwati. Ku Massachusetts kuli kamsampha kake. Chigamulo choyamba chimatchedwa nisi, ndipo ukwati umatha kwenikweni pakapita masiku 90, choncho kumeneko pemphani Certificate of Divorce Absolute ku Probate and Family Court. Yerekezaninso tsiku la chigamulo ndi tsiku la ukwati wanu watsopano. Texas imaletsa kukwatira munthu wina pasanathe masiku 30 pokhapokha woweruza atalola, ndipo Wisconsin imadikiritsa miyezi 6.

Kawaya kolumikiza masambako musakachotse pofuna kujambula. Ofesi zina zikaona mabowo awiri zimati pepala laseweretsedwa. Ndipo itanitsani makope atatu nthawi imodzi, chifukwa lina likafunika kwa kazembe pa tsiku la mafunso, lina lidzasowa monga linasowera loyamba.

Ngati pepalalo likukagwira ntchito kunja kwa America, mwachitsanzo mukukamangitsa ukwati ku Blantyre kapena ku Johannesburg, funsani kaye ofesi yolandirayo ngati ikufuna apostille, chiphaso chotsimikizira dziko lina kuti siginecha ndi chidindo cha pa pepalalo ndi zenizeni. Malawi, South Africa, Britain ndi America onse ali m'pangano la ku Hague la 1961 lovomerezana zikalata. Apostille saipereka kalaliki wa county. Imachokera ku state imene khotilo lili, kawirikawiri ku ofesi ya Secretary of State, ndipo imaikidwa pa kope la chidindo, osati pa fotokope. Muuzeni kalaliki poyambirira kuti pepala likupita kunja, kuti asaine munthu amene siginecha yake ikudziwika ku state.

Kulipira muli kutali

Mtengo weniweni ndi wochepa. M'malo ambiri ku Texas ndi dola imodzi pa tsamba, kuwonjezera kandalama ka chidindo ndi ka kufufuza ngati mulibe nambala ya mlandu. Chovuta ndi kalipiridwe. Maofesi ambiri aang'ono amafuna money order kapena cheke cha banki, pamodzi ndi envelopu yolembedwa kale adiresi yanu ndi kumatidwa sitampu ya ku America. Munthu ali ku Area 25 sitampu imeneyo aitenga kuti? Njira yake ndi m'bale kapena mnzanu wa ku America: agule money order ku positi ofesi, envelopu ibwerere kwa iye, kenako akutumizireni pa kampani yonyamula makalata imene imapereka nambala yolondolera. Musatumize ndalama musanafunse kuti masamba ndi angati, chifukwa ikaperewera ngakhale dola imodzi, envelopu yonse imabwezedwa.

Akuti si inu woyenera kupatsidwa

M'ma state ambiri chigamulo cha chisudzulo aliyense angathe kuchipempha, kungoti manambala a Social Security ndi zina za ana amazibisa. Koma si konse. New York imatseka mafayilo a milandu ya banja kwa zaka 100, ndipo amapatsidwa ndi eni mlandu okha kapena maloya awo. Mkazi watsopano, ngakhale ndi amene akuvutika ndi RFE, si mwini mlandu. Mwamunayo alembe yekha, aike kope la chitupa chake, asaine pamaso pa notary, munthu wololedwa ndi boma kuchitira umboni siginecha. Ngati ali kunja kwa dziko, ofesi ya kazembe wa America imagwira ntchito ya notary. Fayilo ikakhala kuti inatsekedwa ndi lamulo la woweruza, kalaliki alibe mphamvu yoitsegula ngakhale atakumverani chisoni, ndipo pamafunika pempho kwa woweruza.

Mabuku anapsa

Zimachitikadi, ndipo si nkhani ya makedzana okha. Nyumba ya khoti ya Hancock County ku Sparta, Georgia, inapsa mu August 2014, ndipo zikalata zambiri zakale zinapsera momwemo. Kwina ndi madzi osefukira, kwina nkhungu. Zikatero pemphani kalata ya chidindo yonena kuti anafufuza zaka zakutizakuti ndipo zolembedwa za nthawiyo zinawonongeka. Kenako sonkhanitsani zotsalira: kalata ya ku state, microfilm ya ku nyumba yosungira mbiri ya state kapena ya FamilySearch (bungwe losunga zolembedwa za mbiri ya mabanja), kope la loya amene anayendetsa mlanduwo, kope la mkazi wakale uja. Nthawi zina fayilo inapsa koma buku limene ankakoperamo zigamulo za woweruza linapulumuka, choncho funsani za minute book. Ma state ena alinso ndi njira yopempha khoti kuti likhazikitsenso chikalata chotayika, koma imeneyo ndi ntchito ya loya.

Mlandu ulipo, koma chigamulo mulibe

Ili ndi yankho limene palibe amafuna kulimva. Kalaliki akuti fayilo waipeza, muli pepala losuma, muli chisamani, koma tsamba lomaliza ndi lamulo lothetsa mlandu chifukwa palibe anabwera kudzautsatira. Ku Texas amati DWOP. Zimachitika motere: awiriwo anasainirana mapepala kwa loya, wina anasamuka, ndalama za loya zinatha, aliyense n'kumaganiza kuti mnzake anamaliza. Zaka 25 zadutsa, onse anakwatiranso, koma pamaso pa lamulo akadali banja.

Musakwiyire kalaliki, ndipo musayese kutumiza pepala losumalo ku immigration poganiza kuti sazindikira. Amazindikira, ndipo bodza pa fomu ndi mlandu waukulu kuposa ukwati wosokonekera. Yambani mwafufuza ngati winayo sanakasume kachiwiri ku county ina kapena state ina n'kumaliza kumeneko, chifukwa zimenezo zimachitika kawirikawiri, makamaka ngati iye anakwatiwanso. Fufuzaninso ngati ali moyo, poti imfa nayo imathetsa ukwati, ndipo tsiku lake ndi lofunika poyerekeza ndi tsiku la ukwati wanu.

Zonse zikakanika, nkhani yachoka m'manja mwa kalaliki. Malamulo amasiyana kwambiri apa. Ku Texas ukwati wachiwiri umakhala wosavomerezeka pamene woyamba ulipo, koma umadzavomerezeka woyambawo ukatha, ngati awiriwo apitiriza kukhalira limodzi ndi kudziwika ngati banja. Kwina pamafunika kusudzula kaye, kenako kumanganso ukwati ndi kuyambiranso fomu. Musanadule foni, pemphani makope a chidindo a zinthu ziwiri: docket sheet, imene ndi mndandanda wa zonse zimene zinachitika pa mlanduwo ndi masiku ake, ndi lamulo lothetsa mlandulo. Mupite nazo kwa loya wa za mabanja wa mu state imeneyo ndi kwa loya wa za immigration sabata yomweyo, tsiku la RFE lisanayandikire.